Njiwa ya Kwawo kwa Nachisale

Panali munthu wina wa kumapiri, dzina lake Lufeyo, amene anakapeza mkazi kutali ndi kwawo. Anali mlimi wa kachewere, wa manja okhakhala, mtima wofewa ndi mawu owerengeka. Chaka china anatsikira kuchigwa kukasinthanitsa kachewere ndi nsomba zouma, ndipo pamsika anaona namwali akugulitsa masawu uku akuseka ndi anzake. Kuseka kwake kunkamveka mpaka kumene anthu amaimika njinga. Lufeyo anagula masawu amene sanawafune n'komwe. Msika wotsatira anatsikanso, nagulanso masawu, ngakhale mano anali atayayamira kale ndi oyamba aja. Masawu asanathe m'mitengo, ankhoswe anali atakumana.

Namwaliyo anali Nachisale. Kwawo kuchigwako mwamuna ndiye amasamuka, kukamanga nyumba m'mudzi wa mkazi wake n'kukhala mkamwini. Kwawo kwa Lufeyo zinali zosiyana: mkazi ndiye amatengedwa. Ankhoswe anakokanakokana, anakwezerana mawu pang'ono monga mwa ntchito yawo, mpaka amayi a Nachisale, amene amuna awo anali atamwalira, analola chitengwa. Anangotumiza mawu ochepa: "Amutenge, koma akamusunge." Lufeyo anavomera ndi mtima wonse, ndipo sankanama.

Anamusungadi. Anaumba njerwa, naotcha, namanga nyumba ya malata yosadontha. Anagula mbaula, mabulangete ndi majuzi, pakuti kumapiriko chisanu sichisewera. Sanali womwa, sanali woyendayenda, ndipo dzanja lake silinakwere pa mkazi wake ngakhale tsiku limodzi. Nkhuni ankawaza yekha. Izi zinenedwe poyambirira pomwe, kuti pasakhale wina woganiza kuti tikukamba za mwamuna woipa. Amuna oipa nkhani yawo ndi yaifupi. Uyu anali mwamuna wabwino, ndipo vuto lake linali lija la amuna abwino: ankadziwa kuti ndi wabwino.

Koma kuseka kwa Nachisale kunayamba kuchepa. Sikunathe tsiku limodzi ayi. Kunkachepa monga madzi a mumtsuko wong'aluka pansi, osaoneka kumene akupita. Ntchito ankagwira, kumunda ankapita, akuluakulu ankawagwadira, ndipo azimayi a m'mudzimo ankayamikira kuti mtengwa uyu ndi wofatsa. Lufeyo yekha ndiye ankadziwa kuti mkazi amene anamupeza pamsika uja sanali wofatsa chotero. Chitenje chinayamba kuzungulira m'chiuno kupitirira pamene chinkalekezera. Lufeyo anapita naye kuchipatala, anamuyeza magazi, sanapeze kanthu. Akamufunsa kuti, "Nachisale, chikukupweteka n'chiyani?" iye ankangoti, "Palibe, bambo," n'kupitiriza kusesa.

Iye atakhala chete, anthu anayamba kumunenera. Ena anati walodzedwa. Ena anati anasiya chibwenzi kuchigwa. Mlongo wake wa Lufeyo, mayi wosadziwa kunong'ona, anamuuza mosapsatira kuti, "Achimwene, mkazi wanuyu thupi lili kuno, koma mtima uli kwina."

Mawuwo anamulasa Lufeyo, chifukwa n'zimene iye mwini ankaopa. "Ndamupatsa zonse," anatero. "Chakudya chilipo, zofunda zilipo, nyumba sidontha. Akusowa chiyani?"

Kenaka atsibweni a Nachisale anakwera phiri kudzaona mwana wawo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, anadya pang'ono, ndipo potsanzika anaitanira Lufeyo kuseri kwa nyumba. Sanamukalipire. Anangoti, "Tinakupatsani mwana wonenepa. Tikadzabweranso pokolola n'kumupeza ali chonchi, tidzamutenga. Sitikuti mwalakwa, koma maliro ake sitifuna kudzawamvera kutali."

Kuyambira tsiku limenelo Lufeyo ankayang'ana chimanga chake ndi mantha. Chikamakula, iye ankaona nthawi yake ikutha. Ankamukonda kwambiri Nachisale, ndipo sankadziwa kuti chikondicho achite nacho chiyani.

Mmawa wina anakhala pakhonde, iye akukonza mpini wa khasu, mkazi wake akusankha nyemba. Mumtengo wa mapichesi njiwa inayamba kulira. Nachisale anadzutsa mutu, anamvetsera, kenaka anaweramanso.

"Njiwa za kuno sizilira ngati ya kwathu," anatero, ngati akudzilankhulira yekha.

Lufeyo anaseka. "Njiwa ndi njiwa, Nachisale. Zonse n'zotuwa, zonse zili ndi kamkanda kakuda kumbuyo kwa khosi, zonse zimaba mawere."

"Zili choncho, bambo," anatero mkaziyo. Koma patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Kungoti ya kwathu inkandidzutsa mmawa uliwonse. Inkatera pamsangu wa pakhomo pa amayi."

Aka kanali koyamba kuti Nachisale atchule chinthu chimene akuchisowa, ndipo Lufeyo sanalole kuti mawuwo agwe pansi. Anati mumtima, ngati vuto ndi mbalame, ndiye kuti banja langa lapulumuka, pakuti mbalame sizivuta. Anatenga dengu, analitsamiritsa pakamtengo, anamangirira chingwe chachitali, anawaza mawere pansi pake, iye n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe monga ankachitira ali wamng'ono. Dzuwa lisanafike pamutu anali atagwira njiwa.

Nachisale anailandira ndi manja awiri, naisisita pamsana. "Zikomo, bambo. Koma iyi ndi yomwe ija ya mumtengo wa mapichesi. Onani diso lake, lakuda bii, lopanda chilichonse m'mbali. Izi kwathunso ziliko, zimalira tsiku lonse m'tchire osapuma. Imene ndikunena ine ili ndi kofiira kuzungulira diso." Anatambasula manja, njiwayo inauluka.

Lufeyo anasunga mawuwo. Anafunsa anthu, ndipo anamuuza kuti kumtsinje, kumitengo italiitali, kuli njiwa zotero. Kumeneko zinamuvuta, chifukwa njiwa za kumtsinje n'zochenjera. Dengu lake linagwira mpheta, linagwira khoswe, linagwiranso nkhuku ya eni ake imene inamuchititsa kupepesa masana onse. Tsiku limene anagwira chimene ankafuna, anabwera kunyumba akuyenda ngati munthu amene wapha njati. Inali njiwa yaikulu, yolemera m'manja, yofiirira pachifuwa, ndipo kuzungulira diso kunalidi kofiira.

Nachisale anaiyang'ana, anayang'ananso mwamuna wake amene anali ndi matope mpaka m'mawondo, ndipo anamwetulira. "Mwayandikira, bambo. Koma iyi yakula kwambiri, ndipo diso lake ndi lofiira kunja ndi m'kati momwe. Ya kwathu kofiira n'kunja kokha. M'kati mwake ndi mwachikasu, ngati duwa la dzungu."

Apa Lufeyo anapsa mtima, ndipo tisamuweruze. "Kodi munthu wamkulu, wa ndevu zake, azingoyendayenda kusuzumira m'maso mwa mbalame? Ndakubweretsera ziwiri, zonse wakana. Kapena si za njiwa ukunenazi?" Anataya dengu, napita kumunda osadya. Anapalira mzere, anapaliranso wina, mkwiyo ukutuluka ndi thukuta. Ali pakati pa munda anangoima chilili. Anakumbukira kuti mkazi wake wamwetulira. Chimene mabulangete analephera, chimene malata analephera, njiwa yolakwika inachita. Nanga yeniyeniyo ingachite zotani?

Mmawa mwake analuka kakhola ka nsungwi, nauza mkazi wake kuti akutsikira kuchigwa. Nachisale anayang'ana kakholako, anayang'ana njira yotsikira, koma anangoti, "Mukawapatse moni amayi."

Anafika kwa apongozi ake dzuwa likuswa mtengo. M'mudzi munali zii, anthu onse ali kuminda. Pakhomo panali apongozi okhawo, akusinja mapira pansi pa msangu. Tsono mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi amayi a mkazi wake sayang'anana kumaso, sakhala pamphasa imodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira patchire. Ulemu wake ndi umenewo. Mawu amayenera kudzera mwa munthu wina, koma tsikulo munthu wina panalibe. Apongoziwo atangoona kuti wabwerayo ndani, anasiya munsi, nakakhala kuseri kwa kampanda ka bango. Lufeyo ananyonyomala mbali inayo, anaomba m'manja, anapereka moni akuyang'ana pansi, kenaka anafotokoza chimene wabwerera.

Kenaka mayiwo anatembenukira mbuzi yawo imene inali yomangidwa pachikhomo.

"Wamva, iwe mbuzi? Kuli anthu ena atsika phiri lonse lija chifukwa cha mbalame. Mwana wanga akuonda, iwo akufuna mbalame."

"Ndi chokhacho chimene watchula, amayi," anatero Lufeyo, akulankhula ndi zala za kumapazi kwake. "China chilichonse ndikafunsa, amangoti palibe."

Mayiwo anausa moyo. Anatapa mapira m'lichero, nawaza pabwalo patsogolo pa mpanda, pamene onse awiri akanatha kuona. Posakhalitsa njiwa zinayamba kutsika mumsangu, imodzi, inzake, kenaka gulu. Ndipo pakuti mwambo unawaletsa kuyang'anana, awiriwo analibe kwina koyang'ana koma pa njiwazo.

"Mbuzi iwe, uwafunse alendowo kuti akuona mitundu ingati."

Lufeyo anayang'anitsitsa. Anaona mbalame zotuwa zikujompha mapira. "Ndikuona njiwa, amayi."

Mayiwo anatsonya mpaka mbuzi inadzidzimuka. "Uwauze asiye kuyang'ana mkanda wa pakhosi. Mkandawo wavala pafupifupi aliyense. Kopanda mkanda ndi kakang'ono ako, ka mawangamawanga pachifuwa, ndipo ako ngakhale mlendo sangakasokoneze. Zinazo ayambe ndi khutu. Khutu likawauza, aone mchira pouluka. Diso ndi lomaliza, chifukwa diso limafuna munthu wodekha, woti mbalame imuzolowere."

Lufeyo anakhala kuchigwako masiku angapo, akugona kwa atsibweni aja, mmawa uliwonse n'kudzanyonyomala pa mpanda. Mbuzi ija inamva zambiri masiku amenewo. Inamva kuti ya diso lakuda imabwereza kanyimbo kamodzimodzi, kamene kamanjenjemera pakati, mpaka munthu kutopa nako, ndipo ikauluka nthenga za m'mbali mwa mchira zimaoneka zoyera. Inamva kuti yaikulu ija mawu ake ndi aakulu, odukizadukiza, ndipo mchira wake ulibe choyera, koma mzere wakuda ndi kotuwa kunsonga. Inamvanso kuti alendo ena a kumapiri maso awo ndi okongoletsera nkhope chabe, chifukwa Lufeyo ankaloza yolakwika, n'kulozanso yolakwika, ndipo kuseri kwa mpanda kunkangomveka kutsonya.

Tsiku lina Lufeyo anafunsa kuti, "Amayi, bwanji imene tikufunayi sindinaimvepo kwathu?"

"Mbuzi iwe, mapiko ili nawo, njira yokwerera phiri ikuiona. Ngati sikwera, ili ndi chifukwa chake. Iyo imakonda pafupi ndi mtsinje, pamisangu, pamene anthu akusinja." Lufeyo anagwedeza mutu ngati wamva.

Komabe sanali munthu wothawa mzere asanaumalize. Anaphunzira kukhala osagwedezeka, ntchentche zikumuyenda pamphuno. Pang'ono ndi pang'ono gulu lotuwa lija linayamba kugawikana m'maso mwake. Mmawa wina njiwa ina inachokera kumtsinje, inatera panthambi ya msangu, ndipo itangotera inachita "krrruuu", mawu ofewa, a pammero, ngati a munthu amene wafika pakhomo n'kutula katundu. Lufeyo anaidikira mpaka inatsika pabwalo. Mutu wake unali wotuwa kuposa msana, ngodya za mchira zinali zoyera, ndipo itapendeketsa mutu kumuyang'ana, anaona kofiira kunja, chikasu m'kati.

"Ndi iyo," ananong'ona.

Kuseri kwa mpanda sikunamveke kutsonya. "Mbuzi iwe," anatero mayiwo, "kani maso aja amaona."

Masiku amenewo Lufeyo anaonanso zina, ngakhale sanaziganizire. Anaona kuti kuchigwa zitseko zimakhala zosatseka. Azimayi ankakamba nkhani wina ali pamtondo pake, wina ali kuchitsime, mudzi wonse n'kumayankhira. Madzulo anthu ankayala mphasa panja chifukwa m'nyumba simunkakhalika ndi kutentha, ndipo ang'ono ake a Nachisale ankaseka mpaka kugwirana. Kwawo kumapiri nyumba zimatalikirana, iliyonse pakati pa munda wake, ndipo dzuwa likapendeka aliyense amatseka chitseko n'kukumbatira mbaula. Iye anangoti mumtima, anthu a kuno ndi aphokoso, n'kupitiriza kutchera dengu lake.

Atagwira njiwayo n'kuiika m'kakhola, anabwera kudzatsanzika. Apongozi ake anakankhira kunsi kwa mpanda kathumba ka mapira a mbalame, ndi malambe a mwana wawo.

"Mbuzi iwe, uwafunse. Mbalameyi akakafika nayo, akaisunga pati?"

"M'kakhola aka, amayi. Ndaluka ndekha. N'kolimba, mphaka sangalowe, ndipo ndikaikamo chilichonse chimene ingafune."

"Kuluka amatha," mayiwo anauza mbuzi. "Zimenezo sitinakayikepo. Ayende bwino."

Lufeyo anamva ngati amuyamikira, ndipo anakwera phiri akuimba mluzu.

Nachisale ataona njiwayo anakuwa, "Mayo ine, ndi iyo!" Anaitulutsa m'kakhola, anaigunditsa patsaya, misozi ikutsika, akuifunsa mafunso ngati m'bale wake: amayi ali bwanji, msangu ukadalipo, mtsinje wadzaza? Tsiku limenelo anadya bwino. Lufeyo anapachika kakhola pakhonde, anayang'ana chimanga chake chimene chinali chitayamba kuuma, ndipo sanachite nacho mantha.

Mmawa anadzuka msanga kuti amve njiwa ikudzutsa mkazi wake. Sinalire. Mmawa wotsatira sinalirenso. Nkhungu inali itayamba kutsika m'mapiri, ndi kamvula kake kosaoneka madontho koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Njiwayo inakhala pangodya, nthenga zitafufuma, maso atatsinzina theka. Za mumtengo wa mapichesi zinkalira pafupi pomwepo, koma iyo sinkayankha. Lufeyo anailowetsa m'nyumba, pafupi ndi mbaula. Anaphimba kakhola ndi jekete lake la kutchalitchi. Ankasintha madzi, ankasankha mapira abwino okhaokha. Inkajompha pang'ono, mwaulemu, n'kubwerera pangodya pake. Nachisale ankaona zonsezi, ndipo kangapo anatsekula pakamwa kuti anene kanthu, koma akakumbukira phiri limene mwamuna wake anatsika ndi kukwera chifukwa cha mbalameyo, ankameza mawuwo.

Tsiku lina Lufeyo ataigwira anamva fupa la pachifuwa likumubaya m'dzanja. Zinamupweteka kwambiri, pakuti anali atayamba kuikonda mbalameyo. Anaimirira pakati pa nyumba, naponya manja m'mwamba.

"Ndaipatsa zonse! Mapira a kwawo omwe alipo, madzi alipo, kakhola sikadontha. Ikusowa chiyani?"

Nachisale anali atakhala pafupi ndi mbaula. Anayankha mofatsa, maso ali pa kakhola. "Sikuti ikudana nanu, bambo. Ikuona kuti mukuisamala. Kungoti ndi ya kotentha, ndipo inazolowera kulira zinzake zikuyankha."

Lufeyo anatembenuka. Maso ake anali ataphunzira kudekha, ndipo tsopano anadekha pa mkazi wake. Anamuona atakhala pangodya, atavala majuzi awiri, mapewa atakwera mpaka m'makutu, mafupa a m'khosi ali poyera. Funso limene anali atangofunsa analizindikira: linali lomwe lija iye mwini anamufunsa mlongo wake. Amayi ake anakulira m'chisanu chimenechi n'kukalamba ali onenepa. Alongo ake ankasangalala kutseka chitseko dzuwa likapendeka. Ndipo iye anali ataganiza kuti chimene chikwanira mkazi mmodzi chikwanira akazi onse. Anali atatha kusiyanitsa mitundu inayi ya njiwa, koma mkazi wake yemwe anali asanamusiyanitse ndi akazi a m'mudzi mwake. Anachita manyazi, ndipo anamva chisoni choposa manyaziwo.

Anakhala pansi pambali pake. "Nachisale, nawenso?"

Mkaziyo anagwetsa nkhope. "Ndikananena, mukanati sindikukufunani. Pamene ine ndimakufunani, bambo. N'chifukwa chake ndinangokhala chete. Ndinkati ndizolowera."

Tsiku lomwelo Lufeyo anapita kwa akuluakulu a kwawo, nawauza kuti akukamanga nyumba kuchigwa. Anamuseka. Anati chibadwire sanamvepo za mwamuna amene anapatsidwa chitengwa n'kuchibweza yekha, kukadzipereka ukamwini, kukalima munda wa apongozi. Mlongo wake anaomba m'manja, nati, "Basi, achimwene anadyetsedwa khuzumule." Anamukumbutsa za nyumba ya malata, anamukumbutsa za munda wa kachewere umene bambo ake anamusiyira. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinamuwawa. Anawamvetsera mpaka anamaliza, anawathokoza, napempha mng'ono wake kuti akolole chimanga.

Sanadikire atsibweni. Ananyamula kakhola ndi mtolo wa zovala, mkazi wake ali patsogolo, natsika phiri. Pakati pa njira Nachisale anavula juzi imodzi. Atafika pa mlambe woyamba anavula inayo, ndipo m'kakhola njiwa inayamba kudzikonza nthenga. Mudzi utangoonekera, mtengwa wofatsa uja anaiwala kufatsa konse, anakweza chitenje, nathamanga akuitana ang'ono ake mayina ali kutali. Lufeyo anafika pambuyo yekha. Ananyonyomala pansi pa msangu, natsekula kakhola. Njiwayo inazengereza pakhomo, inauluka mofooka mpaka panthambi ya m'munsi, ndipo itakhazikika inalira.

Ukamwini sunali wophweka. Udzudzu unamukonda kuposa eni mudzi, thukuta linamutulutsa zidzolo, ndipo kakololedwe kake ka mapira kanaseketsa anthu. Anapirira osadandaula. Koma itafika miyezi ija yotentha, mvula isanagwe, pamene ngakhale agalu a kuchigwa amasowa pogona, Lufeyo anayamba kuchepa mawu kuposa kale. Ankadya pang'ono. Madzulo ankakhala kuseri kwa nyumba, nkhope italoza kumapiri. Sanauze munthu kanthu.

Mmawa wina anapeza mkazi wake, amene tsopano masaya anali atabwerera, akumanga mtolo, majuzi ali pamwamba.

"Ukupita kuti, Nachisale?"

"Tikupita, bambo. Mvula yayandikira, ndipo kachewere sadzidzala yekha. Tikakolola, chisanu chikayamba, mudzanditsitsa."

Lufeyo zinamutengera nthawi yaitali, njiwa zitatu ndi kutsonya kwa apongozi kuti aone. Mkazi wake anaona mwezi usanathe. Kuyambira pamenepo dzinja ankalima kumapiri, chisanu n'kukhala kuchigwa, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri anawaseka mpaka anatopa okha. Anakalamba akuyenda njira imeneyo, wina akudikira mnzake pachitunda.

Tsono inu awiri amene mwakwatirana n'kukhala pamphasa yatsopano lero, ndi inu nonse amene mphasa zanu zinatha kale m'mbali, fanizoli ndi lanu. Munthu amene mwatengana naye angafanane ndi ena onse pomuonera patali, koma ali ndi kwawo, ali ndi kaliridwe kake, ali ndi chimene chimamuzizira chimene inu simuchimva. Chimene chinakwanira amayi anu kapena bambo anu mwina sichimukwanira iye. Ndipo kawirikawiri amene amakukondani kwambiri ndi amene amachedwa kunena, poopa kukupwetekani. Choncho mukaona mnzanu wachepa mawu, musathamangire kutchula zimene mwamupatsa. Khalani naye pansi, mumufunse, ndipo musafulumire kudzuka. Akayamba kulankhula, inu tsekani pakamwa mpaka amalize.